Funsani Aphunzitsi: Kuwala ndi Kakulidwe ka Zomera

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno kuchokera kwa owerenga athu a muno mu Harare akukhudza nkhani imodzi. Ena alembedwa ndi ana a sukulu amene akukonzekera mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu m'Zimbabwe, ena ndi makolo amene amalima timadimba kuseri kwa nyumba zawo, koma onse akufuna kudziwa zimene kuwala kumachita pa chomera. Tasankha makalata asanu, ndipo ena tawafupikitsa kuti malo akwanire.

FUNSO: Aphunzitsi, ndili mu Fomu 4 ndipo m'labu ya kusukulu kwathu tinayesa kufufuza sitachi m'tsamba. Tinaphimba mbali ina ya tsamba ndi pepala lakuda, chomeracho tinachiika padzuwa, kenako tinathira ayodini. Buku limanena kuti mbali yophimbidwayo siyenera kusintha mtundu, koma tsamba lathu linada lonse. Anzanga akuti tingolemba zimene buku likunena. Kodi chinalakwika n'chiyani? — Wophunzira wa ku Highfield

YANKHO: Mwana wanga, usamvere anzakowo. Chimene unachiona ndi maso ako ndicho uyenera kulemba, kenako ufufuze chifukwa chake, pakuti kulemba zimene sunaone kumakuphunzitsa kunama pa ntchito imene maziko ake ndi kunena zoona.

Tiyambe ndi chimene kafukufukuyu amafuna kuonetsa. Tsamba lobiriwira limalandira madzi ochokera kumizu ndiponso mpweya wa kaboni dayokisaidi umene umalowa kudzera m'timabowo tating'onoting'ono, timene pa zomera zambiri timachuluka kunsi kwa tsamba. Ndi mphamvu ya kuwala, tsambalo limapanga shuga kuchokera ku zinthu ziwirizi n'kutulutsa mpweya wa okosijeni. Imeneyi ndiyo photosynthesis imene mumaphunzira m'kalasi, ndipo chimene chimagwira kuwalako ndi chlorophyll, chinthu chimene chimachititsa masamba kukhala obiriwira. Shuga akachuluka masana, tsamba limamusandutsa sitachi n'kumusunga, ndipo mumdima limamusandutsanso shuga n'kumutumiza kumizu, kumphukira ndi kuzipatso. Katswiri wa zomera wa ku Germany, Julius von Sachs, ndi amene anaonetsa m'zaka za m'ma 1860 kuti sitachi ameneyu amapangika m'mbali zobiriwira zokha zimene zalandira kuwala, ndipo njira ya ayodini imene munagwiritsa ntchito inachokera pa ntchito yake.

M'kalata yako sunanene kuti chomeracho munayamba mwachisunga mumdima, ndipo ndikukhulupirira kuti vuto lagona pamenepo. Tsamba limene lakhala padzuwa dzulo ndi dzana limakhala ndi sitachi kale. Ukaliphimba lero, sitachi wakaleyo sachoka msanga, choncho ayodini amamupeza paliponse, pophimba ndi posaphimba pomwe. Zili ngati kufuna kudziwa zimene munthu wakolola chaka chino poyang'ana m'nkhokwe imene muli kale chimanga cha chaka chatha: uyenera kuyamba waikhuthula. N'chifukwa chake chomeracho chimaikidwa m'kabati yamdima kwa maola 48, chikuthiriridwa madzi, kuti chithe sitachi amene chinasunga. Ukachitulutsa, thyola tsamba limodzi uliyese ndi ayodini usanachite china chilichonse. Likapanda kuda, wadziwa kuti ukuyambira pa chomera chopanda sitachi, ndipo sitachi aliyense amene upeze pambuyo pake ndi watsopano. Ana ambiri amadumpha gawo limeneli chifukwa chofulumira, komatu ndi limene limapatsa mphamvu zotsatira zonse.

Chachiwiri chimene chingakhale chinachitika n'chakuti kuwala kunalowa pansi pa pepala. Tsamba liyenera kuphimbidwa pamwamba ndi pansi pomwe, pepalalo litapanidwa bwino, chifukwa dzuwa la kuno n'lamphamvu moti kampata kakang'ono n'kokwanira kuyambitsa ntchito ya tsamba. Pepala lonyezimira lokutira chakudya limagwira bwino ntchito imeneyi kuposa pepala lakuda lopyapyala. Chomeracho chikhale padzuwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo tsambalo liyesedwe tsiku lomwelo.

Pa kayesedwe kake, chochita chilichonse chili ndi chifukwa, ndipo pa mayeso amakonda kufunsa zifukwazo. Tsamba limaviikidwa m'madzi owira kwa mphindi imodzi kuti maselo ake afe n'kulola ayodini kulowa. Kenako limaikidwa m'kabotolo ka ethanol kuti chlorophyll asungunuke, pakuti tsamba likadali lobiriwira sungathe kuona bwino mtundu umene ayodini abweretse. Apa ndikupempha kuti usamale kwambiri: ethanol amayaka msanga, choncho sawiritsidwa pamoto. Iye amawira pa madigiri 78, kutanthauza kuti madzi amene angowira kumene ndi okwanira, ndipo umazimitsa moto kaye, kenako n'kuimika kabotoloko m'madzi otenthawo. Tsamba likayera limakhala louma ndi losachedwa kuthyoka, ndiye umalitsuka m'madzi ofunda kuti lifewe, n'kuliyala pa mbale yoyera, n'kudonthezapo ayodini. Pamene pali sitachi pamasanduka buluu woderako kwambiri, pamene palibe pamangokhala mtundu wofiirira wa ayodiniyo.

Usankhenso bwino chomera. Nyemba, mbatata, hibiscus ndi geranium zimapereka zotsatira zooneka bwino, koma masamba a anyezi sasunga sitachi wokwanira kuoneka ndi ayodini, ndipo angakusokoneze ngakhale utachita zonse molondola. Ukapeza tsamba lamawanga oyera ndi obiriwira, uliyesenso, utayamba walijambula m'kope, ndipo udzaona kuti mbali zimene zinali zoyera sizida ngakhale zinali padzuwa, chifukwa mulibe chlorophyll.

FUNSO: Ndimalima ndiwo zamasamba za covo ndi repu kuseri kwa nyumba, pakati pa khoma la mpanda (durawall) ndi mtengo wa mapeyala. Ndimathirira tsiku lililonse ndipo ndathira feteleza kawiri, koma mbewu zanga zangotalika, n'zoonda, zotuwa, ndipo zonse zapendekera mbali imodzi. Mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe anagula mbande tsiku limodzi ndi ine ku Mbare, koma zake n'zonenepa. Kodi ndionjezere feteleza? — Mayi wa ku Mufakose

YANKHO: Mayi, musaonjezere feteleza, chifukwa mungotaya ndalama zanu. Zizindikiro zimene mwatchulazi ndi za mbewu zosowa dzuwa. Mbewu yosowa nayitirojeni imayamba kuchita chikasu m'masamba akale a m'munsi ndipo imapinimbira, pamene mbewu ya pamthunzi imatalika mopitirira, tsinde lake limaonda, mipata ya pakati pa masamba imakula, ndipo imaweramira kumene kukuchokera kuwala.

Ambiri a ife tinakula tikumva kuti mbewu imadya m'nthaka, ndipo anthu ophunzira a ku Ulaya nawonso ankaganiza chimodzimodzi kwa zaka mazana ambiri. Jan van Helmont, amene ankakhala pafupi ndi mzinda wa Brussels, anayesa kutsimikiza zimenezi. Anadzala kamtengo ka msondodzi kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono m'dothi louma lolemera pafupifupi makilogalamu 90, ndipo kwa zaka zisanu ankangokathirira madzi okha. Atayezanso, mtengowo unali utapitirira makilogalamu 75, koma dothi linali litachepa ndi magalamu osafika 60. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1648, iye atamwalira. Van Helmont anaganiza kuti mtengowo unapangidwa ndi madzi okha, ndipo pamenepo anaphonya, chifukwa tsopano tikudziwa kuti gawo lalikulu la thupi louma la chomera limachokera ku mpweya wa kaboni dayokisaidi. Koma mfundo yake yaikulu inali yoona: mbewu sidya dothi. Feteleza ndi manyowa zimapereka michere yofunika, koma chakudya chenicheni mbewu imadzipangira yokha m'masamba, ndipo popanda kuwala kokwanira singathe kuchipanga, kaya muthire matumba angati.

Kupendekera kumene mukukuonako kuli ndi chifukwa chodziwika. Charles Darwin ndi mwana wake Francis anaonetsa mu 1880 kuti nsonga ya mphukira ndi imene imazindikira kumene kuwala kukuchokera, chifukwa ataphimba nsongayo mphukira inaleka kupindika. Pambuyo pake kunadziwika kuti nsonga imatulutsa timadzi totchedwa auxin, timene timaunjikana kumbali ya mthunzi n'kuchititsa maselo a mbali imeneyo kutalika kwambiri, ndipo tsinde limapindikira kudzuwa. Mbewu zanu zikuthera mphamvu zochepa zimene zili nazo pofunafuna kuwala m'malo mokulitsa masamba amene inu mukufuna kuthyola.

Pali chinthu chimodzi chokhudza mzinda wathu chimene olima ambiri sachilabadira. Harare ali pafupifupi madigiri 18 kumwera kwa equator. Mu Disembala dzuwa la masana limakhala pafupifupi paliwombo, ndipo mthunzi wa khoma umakhala waufupi kwambiri. Koma mu Juni ndi Julayi, nthawi imene covo ndi repu zimalimidwa kwambiri, dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo masana enieni limangokwera madigiri pafupifupi 50. Zikatero khoma lotalika mamita awiri limaponya mthunzi wotalika kuposa mita imodzi ndi theka kumwera kwake, ndipo m'mawa ndi madzulo mthunziwo umatalika kuposa pamenepo. Malo amene munawaona ali ndi dzuwa lokwanira m'dzinja angakhale mumthunzi tsiku lonse m'nyengo yozizira. Ndikuganiza kuti dimba la mnzanuyo lili kumpoto kwa nyumba kapena pamalo opanda khoma ndi mtengo kumpoto kwake.

Musankhe tsiku limodzi limene muli pakhomo, muyang'ane dimbalo 9 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 3 koloko madzulo, ndipo muzike timitengo pamene pakuthera mthunzi. Ndiwo zamasamba zimakula bwino zikamalandira dzuwa lachindunji maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo tomato amafuna loposa pamenepo. Ngati malowo sakukwanitsa, sadzirani nthambi za m'munsi za mtengo wa mapeyala, kapena dzalani m'matumba ndi m'zidebe zakale zimene mungaziike pamene pali dzuwa. Kupaka laimu woyera pakhoma kumathandizanso, chifukwa khoma loyera limabwezera kuwala kumbewu. Muzikumbukiranso kuti mizu ya mtengo imalanda madzi ndi michere, choncho kutalikirana nawo kukuthandizani pawiri.

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina yopanda zipangizo zokwanira, ndipo magetsi sakhalapo nthawi zambiri. Ndikufuna ana aone okha kuti kuchuluka kwa kuwala kumasintha liwiro la photosynthesis. Nditayesa ndi chomera cha m'madzi ndi nyale, thovu linachuluka nditasendeza nyale pafupi, koma nditaisendezanso silinaonjezekere. Ana anandifunsa chifukwa chake. — Mphunzitsi wa ku Epworth

YANKHO: Aphunzitsi anzanga, ana anu anafunsa funso labwino, ndipo zimene munaonazo ndi zotsatira zolondola. Frederick Blackman wa ku England anafotokoza mu 1905 kuti ntchito yodalira zinthu zingapo imayenda pa liwiro limene chinthu choperewera kwambiri chalola. Nyale ili kutali, choperewera ndi kuwala, choncho mukaisendeza pafupi thovu, limene ndi mpweya wa okosijeni wotuluka m'chomeracho, limachuluka. Koma pamafika poti kuwala kwakwanira, ndipo chimene chayamba kuperewera ndi kaboni dayokisaidi wa m'madzimo kapena kutentha. Kuti ana aone zimenezi, sungunulani kasupuni kakang'ono ka soda wophikira m'madziwo pamene thovu lasiya kuonjezekera, mudikire mphindi zingapo, kenako muwerengenso. Kawirikawiri thovulo limachulukanso, chifukwa soda amaonjezera kaboni dayokisaidi. Mumpweya umene timapumawu kaboni dayokisaidi ndi pafupifupi 0.04 peresenti yokha, n'chifukwa chake pa tsiku la dzuwa lowala bwino iye ndi amene amachepetsa liwiro la zomera zambiri.

Pogwiritsa ntchito nyale pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Choyamba, kuwala sikuchepa mofanana ndi mtunda: mukachotsa nyale pa masentimita 10 n'kuiika pa 20, chomera chimalandira gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a kuwala kwa poyamba, ndipo pa masentimita 30 chimalandira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi anayi. Chachiwiri, babu lakale lija limatenthetsa madzi, ndipo mumapezeka kuti mwasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Babu la LED silitentha kwambiri, ndipo ngati mulibe, ikani botolo la madzi oyera pakati pa nyale ndi chomera.

Magetsi akasowa, dzuwa ndi lokwanira. Jan Ingenhousz, dokotala wa ku Netherlands amene anatulukira mu 1779 kuti zomera zimatulutsa mpweya wabwino pokhapokha zili pakuwala, anagwiritsa ntchito masamba omizidwa m'madzi ndi dzuwa basi. Njira imene ine ndimaikonda pa kalasi yaikulu ndi ya timagawo ta tsamba. Dulani timagawo tozungulira pa tsamba lanthete la sipinachi kapena la nyemba ndi kapaipi komwera zakumwa, mutiike m'sirinji yopanda singano momwe muli madzi a soda ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale. Tsekani kukamwa kwa sirinjiyo ndi chala, kokani mobwerezabwereza mpaka mpweya wa m'timagawoto utatuluka ndipo tamira. Kenako tigaweni khumikhumi m'matambula oonekera mkati: imodzi ikhale padzuwa, ina muiphimbe ndi pepala loyera limodzi, ina mapepala atatu, ina muiike m'katoni yamdima. Timagawo tikayamba kupanga okosijeni timayandama, ndipo ana amangolemba kuti pa mphindi iliyonse tayandama tingati. Tambula ya mumdima ndi yofunika kuposa zonse, chifukwa ndiyo imatsimikiza kuti chimene chikuyandamitsa timagawoto ndi kuwala osati soda kapena sopo.

Ngati mukufunabe zomera za m'madzi, musatume ana kukazitenga m'madamu ndi m'mitsinje, chifukwa madzi ambiri ozungulira mzinda uno ndi oipitsidwa ndipo m'madzi odikha mumatha kukhala nkhono zofalitsa likodzo.

FUNSO: Mdzukulu wanga waika maluwa awiri a m'miphika m'chipinda chimene amagona. Ndinamva kuti usiku zomera zimalanda munthu mpweya. Kodi ndiwatulutse? — Agogo a ku Mabvuku

YANKHO: Agogo, musade nkhawa, maluwawo asiyeni. N'zoona kuti chomera chimapuma usana ndi usiku monga zamoyo zonse, kutenga okosijeni n'kutulutsa kaboni dayokisaidi, ndipo usiku photosynthesis ikaima kupumako ndi kumene kumatsala. Koma mpweya umene maluwa awiri amagwiritsa ntchito usiku wonse ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa munthu mmodzi wogona m'chipindamo. Chimene chimapha anthu m'nyengo yozizira ndi mbaula ya makala yosiyidwa m'chipinda chotseka, chifukwa imatulutsa mpweya wa poizoni wa carbon monoxide umene ulibe fungo. Mdzukuluyo mumuuze kuti aike maluwawo pafupi ndi windo ndipo aziwatembenuza sabata iliyonse kuti asapendekere mbali imodzi.

FUNSO: Mlongo wanga amene amakhala ku London ananditumizira mbewu ya anyezi. Inamera bwino, masamba ake ndi obiriwira ndi aatali, koma miyezi yapita ndipo pansi palibe anyezi, pali tsinde lonenepa chabe. Dimba langa lili padzuwa tsiku lonse. — Bambo wa ku Dzivarasekwa

YANKHO: Bambo, dimba lanu lilibe vuto, ndipo kasamalidwe kanu n'kabwino monga masambawo akuchitira umboni. Kuwala kumagwiranso ntchito ina pa chomera kuwonjezera pa kupanga chakudya: kumachidziwitsa nyengo. Mu 1920 akatswiri awiri a ku America, Wightman Garner ndi Harry Allard, anafalitsa zimene anapeza pa mtundu wa fodya wotchedwa Maryland Mammoth, umene unkangokula osachita maluwa m'chilimwe cha kwawoko. Atauchepetsera maola a kuwala pouika m'nyumba yamdima madzulo aliwonse, unachita maluwa. Kuyambira pamenepo kunadziwika kuti zomera zambiri zimayamba kuchita maluwa kapena kuika pansi malinga ndi kutalika kwa usana ndi usiku.

Anyezi amayamba kuika pansi usana ukafika pa utali umene mtundu wake umafuna. Mitundu yambiri yolimidwa kumpoto kwa Ulaya imadikira usana wa maola 14 mpaka 16, ndipo ku London usana wa mu Juni umapitirira maola 16. Kuno ku Harare usana umayambira pa maola pafupifupi 11 mu Juni n'kufika pa maola 13 ndi mphindi zochepa mu Disembala, osapitirira pamenepo. Mbewu yanuyo ikudikira masiku aatali amene kuno sadzafika, ndipo feteleza kapena madzi sizingasinthe zimenezo. Masamba ake ndi tsindelo mukhoza kudya monga anyezi wamasamba, choncho ntchito yanu sinapite pachabe.

Chaka chamawa mugule mbewu ya mitundu yofuna usana waufupi, monga Texas Grano, imene imapezeka m'masitolo a zaulimi a mumzinda muno ndipo imaika pansi usana ukafika maola 11 kapena 12. Mufese panazale pakati pa Febuluwale ndi Epulo, kuti mbewuyo ikulitse masamba m'miyezi yozizira, usana usanayambe kutalika mu Ogasiti ndi Seputembala. Kukula kwa anyezi kumadalira kuchuluka kwa masamba amene mbewu inali nawo pamene inayamba kuika pansi, chifukwa tsamba lililonse limapanga chikamba chimodzi cha anyeziyo, choncho mukachedwa kufesa mudzakolola ting'onoting'ono ngakhale mbewu ili yoyenera.